Kujambula Nthano Ili M'kati

Nkovuta kupeza mphunzitsi amene sadalandepo kope kwa mwana chifukwa chomupeza akujambula phunziro lili m'kati. Ifenso tidalandapo, ndipo osati kamodzi. Tinkayesa kuti mwana amene maso ake ali pa pepala ndiye kuti makutu ake ali kutali ndi ife. Nkhani imene tikufuna kukamba nanu, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, ndi ya m'mene tidasiyira maganizo ameneŵa. Tivomereze poyambirira kuti sitidawasiye chifukwa choŵerenga mabuku a zamaphunziro. Adatisiyitsa ndi maseŵera ena a akuluakulu amene poyamba tinkawayesa achibwana, ndiponso mtsikana wina wa Sitandade 6 amene tidamuchititsa manyazi popanda chifukwa.

Maseŵeraŵa tidawaona koyamba tili ku maphunziro mu mzinda wina wa kumpoto kwa England. Anzathu a m'kalasi adatiitanira kwawo Lachisanu lina madzulo kuti tikaseŵere Dungeons & Dragons. Tidapita chifukwa cha ulemu chabe, komanso poti m'chipinda chathu munkazizira. Tidapeza anthu asanu atazungulira tebulo la m'khitchini. Pa tebulopo padalibe thabwa la maenje ngati la bawo. Padali mapepala, mapensulo, makapu a tiyi, ndi timadayisi ta maonekedwe achilendo, tina ta mbali 4, tina ta mbali 8, tina ta mbali 12, ndi kamodzi ka mbali 20 kamene aliyense ankakagwira mwaulemu.

Kaseŵeredwe kake nkotere. Munthu mmodzi ndiye mwini nthano. Iyeyu amafotokoza malo, nyengo, ndi anthu amene apaulendo a m'nthanomo akukumana nawo. Otsalawo aliyense amatenga mbali ya munthu mmodzi, namalankhula ndi kusankha zochita m'malo mwa munthuyo. Mwini nthano akanena kuti, "Mwafika pa mlatho wothyoka, ndipo tsidya linalo kukufuka utsi, muchita chiyani?" oseŵera amakambirana, wina nati alumpha, wina nati afunafuna chingwe. Chinthu chikakhala chovuta amaponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Palibe wopambana mnzake, ndipo ngakhale mwini nthanoyo sadziŵa kumene nkhani idzathera. Sitidachedwe kuona kuti maseŵeraŵa ndi abale a zinthu ziŵiri zimene tidakula nazo, nthano za madzulo pamoto ndi masanje. Kusiyana kwake nkwakuti pa nthano ya agogo omvera amangovomera kuti tili tonse, pamene apa omvera ndiwo amasankha kumene kalulu athaŵire.

Dungeons & Dragons adasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1974 ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Adawakonza ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo adatuluka ngati timabuku titatu m'kabokosi. Koma mizu yake ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1824 msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu ake maseŵera ophunzitsira nkhondo otchedwa Kriegsspiel. Ameneŵa ankachitikira pa mapu, ndipo pankakhala woweruza wodziŵa zonse, amene ankauza mbali iliyonse zokhazo zimene asilikali ake akadatha kuziona. Tikutchula mbiriyi kuti muone kuti pepala lojambulidwa lidali pa tebulo kuyambira kale. Mu kaseŵeredwe ka zaka zoyambirira za Dungeons & Dragons, mwini nthano ankakhala ndi mapu ake obisika, ojambulidwa pa pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kakuimira mapazi 10. Oseŵera sankaloledwa kuwaona. Mmodzi wa iwo ankapatsidwa udindo wojambula mapu ena kuchokera m'mawu okha: njira yapita kumpoto mapazi 30, kenaka yakhotera kum'maŵa. Akaphonya kabokosi kamodzi gulu lonse linkasokera. Mphunzitsi aliyense wa chiyankhulo akhoza kuona kuti ameneŵa ndi mayeso a luso lomvetsera, ndipo ndi mayeso amene ophunzira amadzichonga okha, pakuti wolakwitsa sapeza khomo lotulukira.

Pa tebulo lija padali mayi wina, namwino pa ntchito yake, amene sankalankhula kwambiri. Iye ankangojambula. Sankajambula mapu okha ayi, koma chilichonse chimene chatchulidwa: khomo, mtengo, nkhope ya mlonda, galu wogona pa khwalala. Zojambula zake sizidali zokongola. Chilichonse chinkamutengera mphindi imodzi kapena ziŵiri. Usiku wina mwini nthano adati, "Mwaloŵa m'chipinda chachikulu, ndipo pakati pake pali chitsime." Mmodzi wa oseŵera adati iye abisala kuseri kwa chitsimecho. Mnzake adaseka nati munthu sangabisale kuseri kwa dzenje. Adakangana kwa kanthaŵi, aliyense akudabwa ndi kuuma mutu kwa mnzake. Mayi uja sadanene kanthu, adangokankhira pepala lake pakati pa tebulo. Adali atajambula chitsime chokhala ndi mpanda wa miyala wofika m'chiuno. Mwini nthano adayang'ana nati, "Ine sindidaganizeko za mpanda, koma ukhalepo." Mkangano udathera pomwepo, ndipo nthano idapeza mpanda umene idalibe.

Tidabwerera kwathu usiku umenewo tikusinkhasinkha za chitsimecho, ndipo mpaka lero sitidaleke. Anthu asanu adamva liwu limodzi, koma m'mitu mwawo mudali zitsime zisanu, ndipo palibe amene adadziŵa kuti akusiyana ndi anzake kufikira wina atajambula. Kodi si m'mene zimakhalira m'kalasi tsiku ndi tsiku? Mphunzitsi amati "chigwa," kapena "doko," kapena "linga," ana makumi asanu ndi atatu namagwedeza mitu. Iye amapitirira ali wokhutira, osadziŵa kuti wasiya kumbuyo zigwa makumi asanu ndi atatu, zina mwa izo zosafanana nkomwe ndi chigwa. Chojambula chimatulutsira kunja zimene zili m'mutu, nkuziika pamene wina angathe kuziloza ndi chala nkunena kuti, "Ayi, si choncho."

Titabwerera kumudzi ndi kuyambiranso kuphunzitsa, tidafuna kuyesa njirayi pa phunziro la Chicheŵa. Sitidali oyamba kuganiza zoti mphunzitsi angaloŵe m'nthano pamodzi ndi ana. Mayi Dorothy Heathcote, amene adaphunzitsa pa Yunivesite ya Newcastle ndipo adamwalira m'chaka cha 2011, adatchuka ndi njira yoti mphunzitsi atenge mbali m'seŵero, ndi kupatsa ana udindo wa akatswiri amene ayenera kuthetsa vuto. Ife tidangoonjezapo tebulo, mwayi ndi pensulo. Komabe zinthu ziŵiri tidazisiya dala. Choyamba ndi madayisi, pakuti kholo likamva kuti mwana wake akuponya dayisi kusukulu limaganiza za njuga, ndipo sitingalinene. M'malo mwake tidagwiritsa ntchito zitsekerero zitatu za mabotolo: ziŵiri zikagwa chagada, chinthu chatheka; ntchito ikakhala yovuta kwambiri, mpaka zonse zitatu. Chachiŵiri ndi afiti ndi zinjoka. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980, makolo ena ndi mipingo ina adawadzudzula maseŵeraŵa kuti amaphunzitsa zamatsenga, ndipo ife sitidafune kutsegula mlandu wotere pa mudzi umene tidali alendo. Nthano yathu idali ya madzi osefukira. Mtsinje wadzaza, mlatho wakokoloka, ndipo anthu asanu, msodzi, mzamba, mbusa wa mbuzi, wogulitsa mchere ndi wokonza njinga, ayenera kukafikitsa mankhwala ku mudzi wa paphiri kusanade.

Ulendo woyamba tidalephera chifukwa cha khama lathu lomwe. Tidachezera Lamlungu usiku kujambula chithunzi chachikulu pa pepala la manila, ndi makrayoni a mitundu yonse: mtsinje wobiriŵira, phiri, njira yokhotakhota, ngakhale ng'ona yoonetsa mano. Lolemba tidachipachika pa bolodi monyadira. Ana adachiyamikira kwambiri. Koma titayamba nthano, palibe gulu limene lidafunsa funso. Onse adatsata njira imene tidajambula, napeŵa ng'ona imene tidajambula, nafika paphiri phunziro lisanafike ndi pakati pomwe. Chithunzicho chidali chitayankhiratu zonse. Ndani akadalimba mtima kunena kuti kumtunda kuli mtengo wogwa wowolokerapo, pamene chithunzi cha aphunzitsi, chokongola chotero, sichikuonetsa mtengo?

Ulendo wachiŵiri tidapitirira muyeso mbali inayo. Tidachotsa chithunzi, nkulamula kuti makope onse atsekedwe ndi mapensulo aikidwe pansi, kuti aliyense amvetsere bwino. Mafunso adabwera ndithu, koma pamodzi ndi phokoso. Gulu lina linkanena kuti bwato la msodzi lili tsidya lino, lina kuti lili tsidya lija. Anyamata aŵiri adatsala pang'ono kugwirana malaya pa nkhani yoti munda wa nzimbe uli kumtunda kapena kumunsi kwa mlatho. Ife eni ake tidayamba kuiŵala zimene tidanena poyamba, ndipo tinkangoyankha monga mwa kutifikira kwa mawu.

M'kati mwa chisokonezo chimenechi tidaona mtsikana wina kumbuyo, pafupi ndi zenera, ataŵerama pa kope lake la masamu, pensulo ikuyenda. Adali mwana wachete, wa m'gulu la ana aja amene chaka chimatha mphunzitsi osadziŵa bwino mawu awo. Mtima udali utatentha kale ndi phokoso, tsono tidaupsira pa iye. Tidapita, nkulanda kopelo, nkunena pamaso pa anzake onse kuti amene safuna kuphunzira akhoza kukajambulira kunyumba kwa amake. Kalasi idaseka. Iye sadayankhe, adangoyang'ana pansi.

Kopelo tidalitsegula nthaŵi yopuma, tili tokha, tikufuna kupeza cholembapo mawu a chidzudzulo. Pa tsamba lomaliza padali nthano yathu yonse. Mtsinje udalipo, mlatho wothyoka, bwato lomangidwa pa mkuyu tsidya lino monga momwe tidanenera poyamba penipeni, munda wa nzimbe kumunsi, ndi anthu asanu a timitengo, mmodzi atasenza kathumba. Mafunso onse amene anyamata ankalimbirana adali atayankhidwa pamenepo. Koma chimene chidatiimika ndi chakuti kumwamba kwa chithunzicho kudali madzuŵa aŵiri, lina kumanja, lina kumanzere, ndipo pakati pake padali chizindikiro cha funso.

Tidamuitana. Adabwera akunjenjemera, akuyembekeza chilango. Tidamufunsa za madzuŵawo. Adayankha motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, poyamba munati phiri lili kum'maŵa kwa mtsinje. Kenaka munati dzuŵa likuloŵa kuseri kwa phiri. Ndiye sindinadziŵe kuti ndiliike kuti." Adalondola. Mwa ana onse a m'kalasi muja, ndi ife tomwe, iye yekha ndiye adamva kuti nthanoyo yadzitsutsa, ndipo adamva chifukwa dzanja lake lidafunika kusankha malo oikapo dzuŵa. Womvetsera chabe akhoza kulandira ziganizo ziŵiri zotsutsana osazindikira. Wojambula sangathe, pakuti pepala lili ndi kumanja ndi kumanzere. Tidamupepesa pomwepo, ndipo m'maŵa mwake tidamupepesanso pamaso pa kalasi, poti mpamene tidamulakwira. Sichidali chinthu chapafupi, ndipo sitikudziŵerengera ngati ngwazi pochita zimenezi. Kuseka kuja kudali kutachitika kale, ndipo kupepesa sikukadakufafaniza.

Kuyambira tsiku limenelo pepala lidabwerera pakati. Tidagaŵa kalasi m'magulu a ana asanu ndi atatu, ndipo gulu lililonse lidali ndi pepala limodzi lopanda kanthu ndi pensulo imodzi. Mapepala akasoŵa tinkagwiritsa ntchito kuseri kwa makalendala akale kapena zidutswa za makatoni, ndipo m'chilimwe tinkatuluka panja nkumajambula pa dothi ndi kamtengo, njira imene ana adaikonda koposa chifukwa kufufuta kwake nkwa phazi. Ife tinkafotokoza malo kamodzi kokha, m'ziganizo zitatu kapena zinayi, nkukhala chete. Kukhala chete kumeneku ndiko kudativuta kuposa zonse, pakuti mphunzitsi amaopa bata ngati kuti ndi umboni wa ulesi. Koma m'bata limenelo ndimo ntchito inkachitikira. Wojambula ankayamba, anzake atamuunjirira, wina nati, "Waiŵala mkuyu," wina nati, "Bwato silingakhale lalikulu kuposa nyumba." Kenaka manja ankakwera: kodi mtsinjewo ndi wotambalala bwanji? Kodi pa mlatho patsala mitengo ingati? Mafunso ameneŵa sitidawapemphe. Adawabala ndi mpata woyera wa pa pepala. Ambiri mwa iwo tidalibe mayankho ake okonzeratu, ndipo tidaphunzira kuyankha monga mwini nthano wa ku England uja, kuti sitidaganizeko, koma zikhale choncho.

Pensulo tinkaisinthitsa manja malo a nkhani akasintha. Poyamba magulu ankafuna kuipereka kwa katswiri wawo nthaŵi zonse, ndipo ana ambiri ankakana nkumati, "Ine sinditha kujambula." Mawu ameneŵa mudzawamva kaŵirikaŵiri, ndipo mukafufuza mudzapeza kuti mwana sabadwa nawo, amawatola tsiku limene wina adaseka ng'ombe yake kuti ikufanana ndi galu. Mankhwala ake tidawapeza mwangozi. Tidayamba kujambula pa bolodi ife eni, mofulumira ndi mosasamala, munthu wa timitengo, nyumba ya mizere inayi, ng'ona yonga chikwanje. Ana adaseka, ifenso tidaseka, ndipo manyazi adachepa. Tidaikanso malire a nthaŵi: mphindi ziŵiri, kenaka nthano ipitirira. Pa mphindi ziŵiri katswiri ndi wosadziŵa amafanana, pakuti onse amangokwanitsa zofunika zokha.

Pambuyo pake tidamva za maseŵera ena amene adamangidwa pa mfundo yomweyi. Dzina lake ndi The Quiet Year, ndipo adawakonza ndi Avery Alder wa ku Canada m'chaka cha 2013. M'maseŵera amenewo mulibe mwini nthano. Oseŵera amakhala ndi pepala limodzi la mapu a mudzi umene ukudzimanganso pambuyo pa tsoka, ndi makadi 52, khadi lililonse likuimira sabata imodzi ya chaka. Khadi limabweretsa funso kapena vuto, ndipo woyankha amaonjeza kachithunzi kakang'ono pa mapuwo. Pofika kumapeto pepalalo limakhala lodzaza ndi lodetsedwa, losamveka kwa mlendo, koma aliyense amene adalipo akhoza kuloza kadontho nkufotokoza mbiri yake yonse. Mapepala a ana athu adalinso otero. Mlangizi wina wa zamaphunziro atabwera kudzatiyendera adawayang'ana nafunsa ngati tidalibe zokongolapo zoti tipachike. Tidaitana mnyamata mmodzi kuti afotokoze pepala la gulu lake, ndipo adalankhula mphindi zisanu osapunthwa, mwana amene pa chimangirizo sankadutsa mizere itatu.

Kujambula malo nkosavuta poyerekeza ndi kujambula anthu, ndipo apa mpamene tikufuna kuti mutchere khutu. Pa mapepala ambiri a maseŵera a mtundu umenewu, pamene woseŵera amalembapo dzina ndi mphamvu za mtengambali wake, pamakhala kabokosi kosiyidwa dala kuti ajambulemo nkhope. Ifenso tidachita chimodzimodzi. Tidaona kuti mwana akangouzidwa kuti ndiwe msodzi, amakhala msodzi wa dzina lokha. Koma akagwira pensulo amakakamizika kusankha. Msodziyo ndi wamkulu kapena wamng'ono? Wavala chiyani kumapazi? Wanyamula chiyani? Mtsikana wina adajambula mzamba wake atanyamula ambulera yothyoka, ndipo titamufunsa chifukwa chake adati adamusiyira ndi malemu amuna ake, nchifukwa chake saitaya. Ambulera imeneyo idadzakhala nkhani yaikulu pamene gulu lidafuna kuigwiritsa ntchito ngati ndodo yoyezera kuya kwa madzi, mwini wake nakana. Palibe funso la m'buku limene likadatulutsa khalidwe la mtengambali momveka chotero.

Koma pensulo ili ndi mphamvu, ndipo mphamvu imapweteka. M'nthano ina mudali wakuba amene adatenga thumba la mankhwala usiku. Ife tidangoti adali munthu wamtali wovala chikhoti. M'gulu lina pensulo idali m'manja mwa mnyamata waluso kwenikweni, amene ankatha kugwira nkhope ya munthu ndi mizere isanu. Tidamva kuseka kwa mtundu wina, kuseka kobisa, ndipo pepala linkayenda pansi pa madesiki. Titalipeza tidaona kuti wakubayo wapatsidwa makutu, mpata wa mano ndi mwendo wopindika wa mnyamata wina wa m'kalasi momwemo, mwana wolumala, wochokera ku banja losauka. Panalibe dzina, koma aliyense adamuzindikira, ndi iye yemwe. Sabata yonse anzake ankamutcha wakuba mankhwala. Adajomba masiku atatu, ndipo tidachita kupita kwawo kukalankhula ndi agogo ake kuti abwerere.

Mlanduwu sitiuika pa wojambula yekha. Ife ndife tidapereka pensulo popanda lamulo, titatengeka ndi ubwino wa njira yathu. Tidali titaiŵala kuti chimene chimachititsa chithunzi kukhala chothandiza, kuti onse amachiona nthaŵi imodzi ndi kuchikhulupirira, ndicho chimachititsanso kuti chikhale choopsa. Mawu achipongwe amauluka. Chithunzi chimapindidwa nkuloŵa m'thumba. Kuyambira pamenepo tidakhazikitsa malamulo aŵiri amene sitidawasinthenso. Munthu wamoyo, kaya wa m'kalasi, kaya wa m'mudzi, kaya mphunzitsi, saloŵa m'nthano. Ndipo mtengambali amajambulidwa ndi mwini wake. Ngati ajambula ndi wina, mwini ndiye amatchula zizindikiro zitatu, wojambula nkutsata zomwezo. Anthu oipa a m'nthano tinkawafotokoza ife, ndipo tidaphunzira kuwazindikiritsa ndi zinthu zimene anyamula kapena avala, chipeŵa, mluzu, nsapato zosiyana, osati ndi chilema kapena maonekedwe a thupi. Tidadzifunsanso kuti mnyamata uja adaphunzira kuti zoti woipa amakhala wopunduka, ndipo titayang'ana m'nthano zambiri zimene ife akuluakulu timakamba, yankho silidatisangalatse.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zidapindula chiyani pa maphunziro enieni. Sitidachite kafukufuku, ndipo sitikupatsani ziŵerengero. Tinganene zokhazo zimene tidaona pochonga makope. Nthano ikatha, mwana aliyense ankalemba chimangirizo chofotokoza ulendowo monga mtengambali wake, pepala la gulu lili patsogolo pake. Zimangirizo zimenezi zidali zazitali kuposa zakale, koma chimene chidatikondweretsa si kutalika. Mudayamba kuoneka mawu osonyeza malo ndi dongosolo: kuseri kwa, kumunsi kwa, tisanafike, titadutsa, moyang'anana ndi. Kale ana ankalemba zochitika ngati mulu wa njerwa, ndiye, ndiye, ndiye. Tsopano ankatsata njira ndi chala pa pepala, ndipo ndime zinkadzigaŵa zokha pamene malo asintha. Mphunzitsi mnzathu wa masamu adabwereka mapepala omwewo pophunzitsa sikelo, atagwirizana ndi ana kuti kabokosi kamodzi ka m'kope kaimire mamita 10, ndipo mkangano woti mtsinje ungawolokedwe ndi chingwe cha mamita 25 udathetsedwa ndi rula.

Tisakunamizeni kuti njirayi ilibe mtengo wake. Imadya nthaŵi; nthano imodzi inkatenga maphunziro atatu, ndipo silabasi siyembekeza munthu. Imabweretsa phokoso, ndipo aphunzitsi aakulu adabwera kaŵiri kudzasuzumira pa zenera kuti aone ngati m'kalasi muli mphunzitsi. M'kalasi ya ana ochuluka, magulu a kumbuyo amatha kusochera osaonedwa. Ife tinkaichita kamodzi pa masabata aŵiri, ndipo m'chigawo cha mayeso tinkaisiya. Sitikukulangizaninso kuti muiyese tsiku limene aphunzitsi anu a ku koleji abwera kudzakuonererani, pokhapokha mutaiyesapo kale kaŵiri konse, chifukwa ulendo woyamba umasokonekera ndithu. Koma kachidutswa kake mukhoza kukayesa maŵa lomwe, popanda zitsekerero kapena magulu. Ŵerengani ndime imodzi yofotokoza malo, kamodzi kokha, ndipo uzani ana kuti ajambule zimene amva m'mphindi ziŵiri. Kenaka yendani pakati pawo mukuyang'ana. Musachonge, musayamikire zokongola. Mungoona kuti ndi angati aika mtsinje kumene mudaunena, ndipo ndi liwu liti limene theka la kalasi lidalimva mwina. Tidachita zimenezi ndi liwu loti "mathithi," ndipo ana khumi ndi mmodzi adajambula dziŵe.

Mtsikana wa madzuŵa aŵiri uja sadasanduke wolankhula. Adakhalabe wachete mpaka adamaliza Sitandade 8. Koma m'gulu lake mkangano ukabuka, anzake ankatembenukira kwa iye, ndipo iye ankangoloza pa pepala. Chakumapeto kwa chaka tidampatsa mpata woti akhale mwini nthano wa gulu lake, tikukayika ngati avomera. Adavomera. Adabwera ndi mapu ake ojambulidwa pa tsamba la timabokosi, nawabisa kuseri kwa buku la Chingerezi loimikidwa, ngakhale kuti palibe adamuuzapo za Gygax kapena Arneson. Tidaima chapatali nkumamvetsera. Adayamba ndi kuuza anzake kumene kuli kum'maŵa.